Kuunika matumbo a nyama za mu labotale ndi fluorescence pofufuza chiyambi cha khansa

Kuunika matumbo ndi fluorescence ndi njira yomwe asayansi amagwiritsa ntchito pofuna kuona malo omwe ayamba kusintha m'kati mwa matumbo khansa yeniyeni isanayambe. Pa njirayi, matumbo amaunikidwa ndi kuwala kwa mtundu umodzi, monga kwabuluu, ndipo mnofu wake kapena mankhwala omwe alowetsedwamo amabweza kuwala kwa mtundu wina, monga kobiriwira kapena kofiira. Kamera yokhala ndi sefa imajambula kuwala kobwezedwako kokha. Chifukwa choti maselo odwala amasiyana ndi abwino pa kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito, malo odwala amatha kuoneka owala kwambiri kapena akuda kuposa malo owazungulira.

Kafukufuku wambiri wa njirayi amayambira pa mbewa ndi makoswe a mu labotale. Nyamazi zimatha kudwala matenda a m'matumbo ofanana ndi a anthu m'miyezi yochepa chabe, ndipo pamapeto pa kafukufuku matumbo onse amatha kuunikidwa pa maikulosikopu kuti aone ngati malo omwe anawala analidi odwala. Phindu lalikulu la njirayi ndi loti imalozera pamene dokotala ayenera kuyang'anitsitsa, pa nthawi imene maso ndi kuwala wamba sizinayambe kuona kanthu. Sichilowa m'malo mwa kupima mnofu pa maikulosikopu.

Momwe khansa ya m'matumbo imayambira

Malinga ndi ziwerengero za bungwe la International Agency for Research on Cancer, m'chaka cha 2020 anthu oposa 1.9 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'matumbo aakulu, ndipo oposa 900,000 anamwalira nayo. Khansayi ndi yachitatu pa makhansa ofala kwambiri padziko lapansi ndipo ndi yachiwiri pa kupha anthu ambiri.

M'kati mwa matumbo aakulu muli nembanemba yokhala ndi timaenje tambirimbiri tomwe asayansi amatitcha crypt. Pansi pa kadzenje kalikonse pamakhala maselo omwe amaberekana nthawi zonse, ndipo maselo atsopano amakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba, pomwe amafa ndi kuyoyoka pakatha masiku ochepa. Majini oyang'anira kuberekanaku akawonongeka, maselo amachulukana mopanda dongosolo ndipo maonekedwe awo amasintha. Kusintha kotereku, pamene maselo sanabowole nembanemba kulowa mu mnofu wapansi, kumatchedwa dysplasia. Chotupa chaching'ono chopangidwa ndi maselo otere chimatchedwa adenoma. Adenoma si khansa, ndipo ambiri safika posanduka khansa, koma khansa zambiri za m'matumbo aakulu zimachokera mwa iwo. Kwa anthu, kusandukaku kumatenga zaka 10 kapena kuposerapo.

Mu 1990, Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku Johns Hopkins University ku Baltimore anafotokoza kuti khansayi imabwera majini angapo akawonongeka motsatizana. Jini yotchedwa APC, yomwe inadziwika mu 1991, ndiyo imawonongeka poyamba nthawi zambiri, ndipo majini ena monga KRAS ndi TP53 amawonongeka pambuyo pake.

Popeza kusandukaku kumatenga nthawi yaitali, dokotala akhoza kupeza adenoma ndi kumuchotsa khansa isanabwere. Amachita izi polowetsa kachubu kokhala ndi nyali ndi kamera m'matumbo kudzera kotulukira chimbudzi, njira yomwe imatchedwa colonoscopy. Vuto ndi loti zotupa zina zimaphonyeka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2006, yemwe anasonkhanitsa zotsatira za odwala omwe anaunikidwa kawiri tsiku limodzi, anapeza kuti pafupifupi zotupa 22 pa 100 zilizonse zinaphonyedwa pa ulendo woyamba. Zomwe zimaphonyeka kwambiri ndi zazing'ono ndi zafulati, zomwe mtundu wake susiyana kwenikweni ndi nembanemba yabwino. Vutoli limakula mwa odwala matenda a zilonda ndi kutukusira kwa matumbo otchedwa ulcerative colitis, chifukwa dysplasia yawo imabisala pakati pa zipsera ndi malo ofiira. Kafukufuku wa fluorescence amafuna kuthetsa vuto limeneli.

Tanthauzo la fluorescence

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu wake umadalira utali wa funde, womwe umayezedwa m'mananomita. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Maso a munthu amaona kuwala kwa pakati pa mananomita pafupifupi 400 ndi 700. Kuwala kwabuluu kuli ndi mafunde aafupi komanso mphamvu zambiri, pomwe kofiira kuli ndi mafunde aatali komanso mphamvu zochepa.

Mamolekyu ena akawombedwa ndi kuwala amakumeza, n'kutaya gawo la mphamvu yake ngati kutentha, kenako n'kutulutsa yotsalayo ngati kuwala. Izi zimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo zimaleka nyali ikangozimitsidwa. Popeza mphamvu ina yatayika, kuwala kotulukako kumakhala ndi funde lalitali kuposa komwe kunalowa. Mwachitsanzo, utoto wotchedwa fluorescein umameza kuwala kwabuluu kwa mananomita pafupifupi 490 n'kutulutsa kobiriwira kwa mananomita pafupifupi 520. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumathandiza kuti sefa itchinge kuwala kwa nyali n'kulola kobwezedwa kokha kufika pa kamera.

Dzina loti fluorescence analipereka ndi George Gabriel Stokes wa ku Cambridge mu 1852, ndipo analitenga ku mwala wotchedwa fluorspar. Fluorescein anamupanga ndi Adolf von Baeyer wa ku Germany mu 1871. Mu 1924, Albert Policard wa ku France anaona kuti zotupa za makoswe zinkawala mofiira zikaunikidwa ndi nyali ya ultraviolet, ndipo ananena kuti kuwalako kumachokera ku mamolekyu otchedwa porphyrin.

Fluorescence imapezekanso m'zinthu zodziwika bwino. Zizindikiro zobisika za pa ndalama zamapepala zimawala zikaikidwa pansi pa nyali ya ultraviolet m'mabanki. M'malabotale a zipatala zambiri, makhololo amapakidwa utoto wotchedwa auramine kuti tizilombo ta chifuwa chachikulu tiwale pa maikulosikopu.

Nyama zomwe zimagwiritsidwa ntchito

Mbewa ndi makoswe a mu labotale sadwaladwala khansa ya m'matumbo paokha, choncho ofufuza amayambitsa matendawa mwadala. Pali njira ziwiri zazikulu: kupatsa nyama mankhwala oyambitsa khansa, kapena kuweta nyama zokhala ndi jini yowonongeka.

Mankhwala odziwika kwambiri pa njira yoyamba ndi 1,2-dimethylhydrazine ndi azoxymethane. Akabayidwa m'thupi, chiwindi chimawasandutsa mankhwala ena owononga DNA ya maselo a m'matumbo, ndipo zotupa zimamera makamaka chakumapeto kwa matumbo aakulu. Mu 1987, Ranjana Bird wa ku Canada anapaka utoto wa methylene blue pa matumbo a mbewa zomwe zinapatsidwa azoxymethane, ndipo anaona timagulu ta timaenje tokulirapo, tokhuthala m'mphepete komanso toda kuposa tinzake. Timaguluti timatchedwa aberrant crypt foci, ndipo ndi kusintha koyambirira kwenikweni komwe kumaoneka pa nembanemba. Ofufuza amatiwerenga pofuna kudziwa ngati chakudya kapena mankhwala ena akuteteza ku khansa, ngakhale kuti tambiri mwa ito sitifika pokhala chotupa.

Mu 2003, Takuji Tanaka ndi anzake ku Japan anafotokoza njira yophatikiza azoxymethane ndi mankhwala otchedwa dextran sodium sulfate. Mbewa imabayidwa azoxymethane kamodzi, kenako imapatsidwa dextran sodium sulfate m'madzi akumwa kwa masiku angapo. Mankhwala achiwiriwa amawononga nembanemba n'kuyambitsa zilonda ndi kutukusira, ndipo zotupa zimamera msanga. Njirayi imatsanzira khansa yomwe imadza kwa odwala ulcerative colitis, ndipo ndi yofunika kwambiri poyesa fluorescence chifukwa imaika dysplasia ndi kutukusira m'matumbo amodzi.

Pa njira yachiwiri, mbewa yodziwika kwambiri ndi ya Min, yomwe Amy Moser, Henry Pitot ndi William Dove a ku University of Wisconsin ku Madison anaifotokoza mu 1990. Mu 1992 kunadziwika kuti mbewayi ili ndi jini ya Apc yowonongeka, monga mmene zilili ndi anthu odwala matenda a ku mtundu otchedwa familial adenomatous polyposis. Mbewa ya Min imamera ma adenoma ambiri, koma ochuluka amakhala m'matumbo aang'ono, komwe kachubu kounikira sikafika. N'chifukwa chake kunapangidwa mitundu ina. Khoswe wa Pirc, yemwe anafotokozedwa mu 2007 ndi gulu la Dove, amamera zotupa zambiri m'matumbo aakulu, ndipo thupi lake lalikulu limalola kugwiritsa ntchito zida zokulirapo. Mbewa ya CPC;Apc, ya ku University of Michigan, imameranso ma adenoma chakumapeto kwa matumbo aakulu.

Kuwala kwachibadwa kwa mnofu

Njira yosavuta kuposa zonse ndi yosafuna mankhwala alionse, ndipo imatchedwa autofluorescence. Mnofu wa matumbo uli ndi mamolekyu ake omwe amawala. Ofunika kwambiri ndi collagen, puloteni yolimba yomwe ili pansi pa nembanemba, komanso NADH ndi FAD, mamolekyu omwe maselo amagwiritsa ntchito popanga mphamvu. Matumbo abwino akaunikidwa ndi kuwala kwabuluu amaoneka obiriwira, makamaka chifukwa cha collagen.

Pamene pali adenoma, nembanemba imakhuthala n'kuphimba collagen wapansi. Mitsempha ya magazi imachulukanso, ndipo hemoglobin wa m'magazi amameza kuwala kwabuluu ndi kobiriwira. Zotsatira zake, malo odwalawo amaoneka akuda kapena ofiirira pakati pa mnofu wobiriwira. Ubwino wa njirayi ndi woti palibe chobaya kapena chomwetsa. Kuipa kwake ndi koti kuwalako ndi kofooka, ndipo chilichonse chokhuthalitsa nembanemba kapena kuchulukitsa magazi, monga kutukusira, chimapereka chithunzi chofanana ndi cha adenoma.

Kugwiritsa ntchito 5-ALA

Njira yachiwiri imadalira mmene maselo amapangira heme, gawo la hemoglobin lomwe limanyamula mpweya. Popanga heme, selo limayambira pa molekyu yotchedwa 5-aminolevulinic acid, mwachidule 5-ALA, n'kuisintha kangapo mpaka ikhale protoporphyrin IX. Pomaliza, enzyme yotchedwa ferrochelatase imalowetsamo ayironi ndipo heme amapangika. Protoporphyrin IX imawala mofiira, pa mananomita pafupifupi 635, ikaunikidwa ndi kuwala kwa mananomita pafupifupi 405. Heme sawala.

Nyama ikapatsidwa 5-ALA wochuluka, maselo onse amapanga protoporphyrin IX, koma m'maselo a zotupa imaunjikana kwambiri. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi choti sitepe yomaliza yolowetsa ayironi imayenda pang'onopang'ono m'maselo oterewa. Pakatha maola ochepa, malo odwala amawala mofiira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Helmut Messmann ndi anzake ku Regensburg, m'dziko la Germany, anayesa njirayi pa makoswe omwe anali ndi kutukusira kwa matumbo kwa nthawi yaitali. Malo a dysplasia ankawala, koma ena otukusira chabe ankawalanso. Mlingo wa mankhwala ukachuluka, malo odwala ambiri amaoneka, koma malo owala monama amachulukanso.

Mankhwala oyaka akakumana ndi enzyme

Pofuna kuchepetsa kuwala konama, asayansi anapanga mankhwala omwe amakhala ozima mpaka atakumana ndi chinthu chopezeka kwambiri m'chotupa. Gulu la Ralph Weissleder ku Massachusetts General Hospital ku Boston linafotokoza mankhwala otere mu 1999. Mamolekyu ambiri a utoto amamangiriridwa mothithikana pa chingwe chimodzi cha puloteni, ndipo chifukwa choyandikana kwambiri amazimitsana. Enzyme yodula mapuloteni ikadula chingwecho, mamolekyu a utoto amatalikirana n'kuyamba kuwala.

Mu 2002, Katharina Marten ndi anzake a gulu lomweli anafalitsa m'magazini ya Gastroenterology zotsatira za kuyesa njirayi pa mbewa za Min. Anagwiritsa ntchito mankhwala odulidwa ndi cathepsin B, enzyme yomwe imachuluka mu ma adenoma. Atawabaya mu mtsempha, ma adenoma anawala kwambiri kuposa mnofu wabwino, ndipo ena mwa omwe anaoneka anali aang'ono mpaka mamaikulomita 50, omwe ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a milimita.

Mankhwalawa amawala pafupi ndi malire a kuwala kofiira ndi kwa infrared. Pakati pa mananomita pafupifupi 650 ndi 900, hemoglobin ndi madzi sizimeza kuwala kwambiri, ndipo mnofu pawokha suwala kwenikweni. Choncho kuwala kumalowa mozama, ndipo malo odwala amaoneka bwino pa chithunzi chakuda.

Mankhwala ena a gulu lomweli amapoperedwa pa nembanemba m'malo mobayidwa. Chitsanzo ndi gGlu-HMRG, yomwe Yasuteru Urano wa ku University of Tokyo ndi Hisataka Kobayashi wa ku National Cancer Institute ku United States anaifotokoza mu 2011. Ilibe kuwala mpaka itadulidwa ndi enzyme yotchedwa gamma-glutamyl transpeptidase, yomwe imachuluka pa khungu la maselo a khansa zina. Mu 2013 inayesedwa pa mbewa zopatsidwa azoxymethane ndi dextran sodium sulfate, ndipo zotupa zinayamba kuwala mobiriwira patangopita mphindi zochepa.

Mankhwala omatirira pa maselo odwala

Njira ina ndi yomangirira utoto ku chinthu chomwe chimakakamira pa puloteni yochuluka pa maselo odwala. Chinthucho chikhoza kukhala antibody, puloteni yaikulu ya chitetezo cha m'thupi, kapena peptide, kachingwe kakafupi ka ma amino acid ochepa. Mu 2010, Martin Goetz ndi anzake ku Mainz, ku Germany, anajambula zotupa za mbewa pogwiritsa ntchito ma antibody olunjika pa mapuloteni a EGFR ndi VEGF, omwe amalimbikitsa kukula kwa maselo ndi kumera kwa mitsempha ya magazi. Mu 2011, gulu la Thomas Wang ku University of Michigan linafotokoza peptide yomwe imamatirira pa dysplasia ya mbewa za CPC;Apc ikapoperedwa m'matumbo. Ma antibody amagwira molimba koma amachedwa kulowa mu mnofu ndi kutuluka m'magazi. Ma peptide amalowa msanga ndipo ndi otsika mtengo, koma kagwiridwe kake n'kofookerapo.

Palinso nyama zomwe maselo ake amapanga okha puloteni yowala. Puloteni yobiriwira ya GFP anaipeza ndi Osamu Shimomura mu 1962 mu nyama ya m'nyanja yotchedwa Aequorea victoria, ndipo ntchito ya pa puloteniyi inabweretsera Shimomura, Martin Chalfie ndi Roger Tsien mphoto ya Nobel mu 2008. Nick Barker ndi Hans Clevers a ku Hubrecht Institute ku Utrecht anagwiritsa ntchito mbewa za GFP mu 2007 poonetsa maselo oberekana a pansi pa timaenje, ndipo mu 2009 anaonetsa kuti jini ya Apc ikazimitsidwa m'maselo amenewa, ma adenoma amamera m'masabata ochepa. Njirayi singagwiritsidwe ntchito pa odwala, koma imaonetsa komwe matenda amayambira.

Momwe kafukufuku amayendera

Kale ofufuza ankayenera kupha gulu la nyama pa nthawi iliyonse yomwe akufuna kudziwa mmene matenda afikira. Izi zinasintha kutabwera timachubu ting'onoting'ono tounikira. Mu 2005, Christoph Becker, Markus Neurath ndi anzawo ku Mainz anafotokoza kaunikidwe ka matumbo a mbewa zamoyo ndi kachubu kokula mamilimita 1.9, komwe kamafika masentimita 3 mpaka 4 omalizira a matumbo aakulu.

Kukonzekera kumayamba ndi chakudya. Chakudya wamba cha mbewa chimakhala ndi msipu wa alfalfa, ndipo chlorophyll wa m'masamba amawala mofiira pa mananomita pafupifupi 680. Kuwala kumeneku kukhoza kuphimba kwa mankhwala, choncho nyama zimapatsidwa chakudya chopanda alfalfa kwa masiku angapo. Pa tsiku lounika, nyama imagonetsedwa, kawirikawiri ndi mpweya wa isoflurane, ndipo imafunditsidwa kuti isazizidwe. Matumbo amatsukidwa ndi madzi amchere ofunda n'kupoperedwa mpweya pang'ono kuti atambasuke. Wofufuza amajambula kaye ndi kuwala wamba, kenako ndi kuwala kwa fluorescence. Ngati mankhwala ndi opopera, amadikira mphindi zingapo n'kutsuka otsala omwe sanamatirire. Ngati ndi obaya, kudikira kumatha kukhala maola angapo kapena tsiku lathunthu.

Zida zilipo za mitundu iwiri. Zina zimajambula dera lalikulu nthawi imodzi ndipo ntchito yake ndi kufunafuna. Zina, zotchedwa confocal endomicroscope, zimakhudza nembanemba n'kuonetsa maselo ndi timaenje pa kadera kakang'ono, ngati maikulosikopu yolowa m'thupi. Zoyambazo zimasonyeza pamalo, zachiwirizo zimathandiza kudziwa chomwe chili pamalopo.

Pamapeto, nyama imaphedwa m'njira yosamvetsa ululu, matumbo amang'ambidwa m'litali n'kujambulidwanso, kenako amadulidwa timagawo topyapyala topakidwa utoto wa hematoxylin ndi eosin. Katswiri wopima mnofu, yemwe sanaone zithunzi za fluorescence, ndiye amagamula kuti malo aliwonse ndi abwino, otukusira, a dysplasia kapena a khansa. Poyerekeza zigamulozi ndi zithunzi, ofufuza amapeza ziwerengero zitatu: kuchuluka kwa malo odwala omwe anawala, kuchuluka kwa malo abwino omwe sanawale, ndi mmene kuwala kwa malo odwala kunaposera kwa mnofu woyandikana nawo. Mankhwala owalitsa chilichonse amapambana pa chiwerengero choyamba koma amalephera pa chachiwiri, ndipo alibe phindu kwa dokotala.

Zovuta za njirayi

Vuto lalikulu ndi kutukusira. Maselo a chitetezo cha m'thupi, monga ma macrophage, ali ndi cathepsin wambiri ndipo amaunjikanso protoporphyrin IX. Mitsempha ya pamalo otukusira imadontha, ndiye utoto wobayidwa umalowa mu mnofu ngakhale palibe chomwe wamatirira. N'chifukwa chake kafukufuku wabwino amakhala ndi magulu oyerekezera: nyama zabwinobwino, nyama zotukusira matumbo koma zopanda dysplasia, ndi nyama zopatsidwa utoto wofanana koma wopanda mbali yomatirira.

Mphamvu ya kuwala kojambulidwa imasinthanso ndi mtunda wa pakati pa kamera ndi nembanemba, komanso mbali yomwe kamera yaloza. Malo apafupi amaoneka owala kuposa akutali ngakhale ali ndi utoto wofanana. Mamina a m'matumbo, magazi ndi zotsalira za chimbudzi zimatchinga kuwala kapena kuwala pazokha. Utoto nawonso umafwifwa ukaunikidwa nthawi yaitali.

Vuto lina lili pa nyama zenizenizo. Matumbo aakulu a munthu ndi aatali pafupifupi mita imodzi ndi theka, opindikapindika komanso a makwinya omwe zotupa zimabisalamo, pomwe dera lounikidwa mu mbewa ndi lalifupi ndi lowongoka. Zotupa zambiri za mbewa ndi zotukuka, zooneka ngakhale ndi kuwala wamba, pomwe zovuta kwa anthu ndi zafulati. Mbewa za mtundu umodzi zimafanana majini, koma zotupa za anthu zimasiyana munthu ndi munthu. Komanso puloteni ya mbewa sifanana ndendende ndi ya munthu, choncho mankhwala omatirira bwino pa imodzi akhoza kulephera pa inayo.

Kuchoka ku nyama kupita kwa anthu

Njira zina zomwe zinayamba m'malabotale zafika poyesedwa pa odwala. Mu 2004, Ralf Kiesslich ndi anzake ku Mainz anagwiritsa ntchito confocal endomicroscope ndi fluorescein poona maselo a m'matumbo a anthu pa nthawi ya colonoscopy. Mu 2008, ofufuza a ku Stanford University anafalitsa m'magazini ya Nature Medicine zotsatira za peptide yopopera yomwe inazindikira malo a dysplasia 81 pa 100 alionse, ndipo inasiya osawala malo abwino 82 pa 100 alionse. Mu 2015, Jacobus Burggraaf ndi anzake ku Leiden, m'dziko la Netherlands, anabaya odwala 15 peptide yotchedwa GE-137, yomwe imamatirira pa puloteni ya c-Met. Zotupa zonse 38 zomwe zinaoneka ndi kuwala wamba zinawala, ndipo zinanso 9 zomwe zinaphonyedwa zinaoneka.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Zida za autofluorescence zinafika pamsika, koma poyesedwa pa odwala ambiri sizinaonetse mosapita m'mbali kuti zimapeza ma adenoma ochuluka kuposa kamera zabwino za kuwala wamba. Mankhwala omatirira nawonso ayenera kudutsa m'mayeso a chitetezo ngati mankhwala ena alionse, zomwe zimatenga zaka ndi ndalama zambiri. Pa kaunikidwe ka tsiku ndi tsiku, madokotala amadalirabe kuwala wamba, utoto wosawala monga methylene blue ndi indigo carmine, komanso kupima kachidutswa ka mnofu pa maikulosikopu.

Kasamalidwe ka nyama

Kafukufuku wa mtundu umenewu amadwalitsa nyama mwadala, choncho amayendera malamulo. Mu 1959, William Russell ndi Rex Burch a ku Britain analemba mfundo zitatu zomwe zimatsatiridwa m'mayiko ambiri: kugwiritsa ntchito njira zina m'malo mwa nyama pamene zingatheke, kuchepetsa chiwerengero cha nyama, ndi kukonza njira kuti nyama zisavutike kwambiri. M'mayiko a European Union mfundozi zili mu lamulo la 2010/63/EU. Kafukufuku asanayambe, komiti yoona za nyama imavomereza ndondomeko yake, kuphatikizapo zizindikiro zomwe zikaoneka nyama iyenera kuchotsedwa mu kafukufuku, monga kuwonda kwambiri, kutaya magazi ndi kufooka.

Kuunika nyama yamoyo kumathandiza pa mfundo yachiwiri. Mbewa imodzi ikhoza kuunikidwa kangapo pa masabata otsatizana, ndipo chotupa chimodzimodzicho chimatsatiridwa kuyambira pamene chayamba kuoneka. Izi zimachepetsa chiwerengero cha nyama zofunika, komanso zimalola ofufuza kuona ngati mankhwala oteteza akuchedwetsa kapena kuchepetsa chotupacho. Mbali ina ya kuyesa mankhwala owala imachitikanso pa timatumbo tolimidwa m'mbale, totchedwa organoid, tomwe Toshiro Sato ndi Hans Clevers anatifotokoza mu 2009, ndiponso pa zidutswa za mnofu zochotsedwa kwa odwala pa opareshoni. Njirazi zimathandiza kusankha mankhwala oyenera kupita patsogolo, koma sizionetsa mmene mankhwalawo amayendera m'magazi ndi mmene amachitira pamalo otukusira, zomwe zimaonekabe mu nyama yamoyo yokha.